Ziliza za anthu opanda manda: ulendo wanga wa ku Barbados ndi Guyana

Tsiku 1, Lachitatu, Bridgetown

Abale anga ndafika bwino. Maola 8 ndi kenakake mu ndege kuchokera ku London, miyendo yatupa koma mtima uli mmalo. Ndege ikutsika ndinasuzumira pa windo nde ndikungoona nzimbe, tinyumba, nzimbe, ngati ukudutsa ku Nchalo kapena ku Dwangwa, kungoti kuno nyanja yazungulira mbali zonse. Kachilumba kake nkakang'ono zedi, makilomita 34 mulitali, 23 mulifupi basi.

Ena munandifunsa kuti holide yanji yokaona ziboliboli mmalo mokagona pa mchenga. Nkhaniyi inayamba mu 2022 pomwe chiboliboli cha John Chilembwe chopangidwa ndi Samson Kambalu chinaikidwa pa Trafalgar Square ku London. Ndinapitako ndi mnzanga wakuntchito, makolo ake kwawo nku Guyana. Ine misozi ili lengelenge kuona abusa athu atavala chipewa pakati pa tauni ya azungu, chipewa chomwe nthawi ya atsamunda munthu wakuda samayenera kuvala pamaso pa mzungu. Mnzangayo anayang'ana nthawi yaitali kenako amvekere, inu muli ndi mwayi, chithunzi chake cha 1914 chilipo, nkhope yake mukuidziwa. Athu ife palibe anawajambula, olo manda awo palibe.

Mawu amenewo sanandichoke mmutu. Munthu wopanda chithunzi, wopanda manda, umamusema bwanji? Nde ndinayamba kusunga ndalama pang'onopang'ono mpaka lero ndili pano.

Mayi amene ndikugona kwawo andiphikira cou-cou ndi nsomba. Cou-cou ndi ufa wa chimanga wophikira limodzi ndi therere mumphika umodzi, ndiye kuti nsima ndi ndiwo zake zakumana kale usanayambe nkutema komwe. Ndadya ndi manja, mayiwo asangalala.

Tsiku 2, Lachinayi

Mmawa ndakwera minibasi, kuno amazitchula ma ZR, madola 3.50 aku Barbados kulikonse ukupita, nyimbo zili phokoso kondakitala ali pakhomo ngati za ku Ndirande zomwe. Ndinangonena kuti Bussa, dalaivala sanafunsenso kawiri.

Chiboliboli cha Bussa, amene anatsogolera kuukira kwa akapolo mu 1816, chili pakati pa raundabauti ku Haggatt Hall, pa msewu waukulu wa ABC Highway, magalimoto akuzungulira osapuma. Kuti uoloke ufike pafupi pamafunika mtima. Koma utafika, eeh. Chimunthu chamkuwa, chifuwa pamtunda, kakabudula kokha, miyendo chotang'adza, mutu wapenya kumwamba, manja onse awiri mmwamba ndipo maunyolo oduka akulendewera mmikono. Nthiti ndi minofu zikuoneka, thupi la munthu amene wagwira ntchito ya kalavulagaga moyo wake onse. Ndinaima pamenepo mwina mphindi 40, dzuwa likuswa mtengo, osafuna kuchoka.

Nkhani yake ili chonchi. Mu 1807 a Britain analetsa malonda otenga anthu ku Africa koma ukapolo weniweniwo unapitirira. Pofika 1815 ku nyumba ya malamulo ku London kunali kukambirana zoti akapolo onse azilembedwa mkaundula, eni maesiteti kuno anakwiya nazo kwambiri nkumalalata patebulo akudya, antchito a mnyumba akumva, nde mphekesera inafala yoti ufulu waperekedwa kale koma mabwana akuubisa. Bussa anali kapitawo wamkulu pa esiteti ya Bayley's ku St Philip, ntchito yake yoyang'anira malire ndi kutumidwa kumaesiteti ena, choncho ankayenda momasuka kuposa anzake nkumalumikiza anthu mwakachetechete. Usiku wa Sande ya Pasaka, pa 14 April 1816, minda ya nzimbe inayamba kuyaka. Patangotha masiku atatu zonse zinali zitazimitsidwa, Bussa anafera pankhondo ku Bayley's komweko, ndipo anthu opitirira 100 anaphedwa pambuyo pake atawazenga milandu yachiphamaso. Chondiwawa china nchoti mwa asilikali amene anatumidwa kukathana nawo munali a West India Regiment, anthu akuda okhaokha olamulidwa ndi azungu.

Tsono chomwe chandigwira mtima lero nchakuti chibolibolichi dzina lake la boma si Bussa ayi, ndi Emancipation Statue, chokumbukira kumasulidwa kwa akapolo, chinatsegulidwa mu 1985. Anthu wamba ndi amene anachipatsa dzina. Anayang'ana munthu wodula maunyoloyo nkunena kuti uyu ndi Bussa, basi dzina linakhazikika, lero olo mwana wa sukulu amati pa Bussa. Boma linadzamuika pa mndandanda wa ngwazi za dziko mu 1998, anthu atamuika kalekale.

Amene anachipanga ndi Karl Broodhagen, anabadwira ku Guyana mu 1909 nkubwera kuno ali mnyamata, ndipo poyamba anali telala. Nditamva zimenezo ndinayang'ananso mapewa aja ndi nthiti zija, munthu amene wakhala zaka akuyeza matupi a anthu ndi tepi amalidziwa thupi. Kenako anakhala mphunzitsi wa zojambula pa Combermere School zaka zambirimbiri. Anamwalira mu 2002.

Chinthu chimodzi sichinandisangalatse ndipo sindibisa. Pansi pake analembapo mawu a nyimbo yomwe anthu anaimba mu 1838 ukapolo utatheratu, yonena kuti kukwapulidwa ndi kutsekeredwa kwatha, nkumayamika Mfumukazi Victoria. Ndikumvetsa kuti ndi mawu enieni a anthu a nthawi imeneyo ndipo chimwemwe chawo chinali chenicheni. Koma pamwamba munthu wadula yekha maunyolo, pansi tikuthokoza mfumukazi. Mtima wanga unakana.

Tsiku 3, Lachisanu

Lero ndinapita ku St Philip, kummawa chakummwera kwa chilumba. Ukafika kumeneko umamvetsa wekha chifukwa chomwe kuukira kuja kunathera masiku atatu. Dziko lake ndi lafulati ngati chikhatho, phiri lenileni palibe, nkhalango anaidula kale kuti adzale nzimbe. Ku Jamaica anthu ankathawira kumapiri nkumenya nkhondo zaka ndi zaka ali kumeneko, kuno uthawira kuti? Kutsogolo nyanja, kumbuyo asilikali apakavalo. Anthuwa ankadziwa zonsezi koma anayatsabe moto.

Ku Bayley's pano ndi malo a munthu nde ndinangoima kumsewu, mphepo ikuomba nzimbe zikuchita phokoso lija la waaa. Kenako ndinakwera ina kupita ku Newton ku Christ Church komwe kuli manda a akapolo, akuti munagona anthu pafupifupi 570. Abale, ndi thengo la udzu basi, timitumbira tosaoneka bwino, dzina la munthu olo limodzi palibe. Kwathu munthu akamwalira timadikira chaka kapena ziwiri, abale nkusonkha ya simenti, kumanga chiliza, kuphika, kuitana mudzi onse, dzina nkulembedwa kuti zidzukulu zidzadziwe pogona agogo awo. Mpaka chiliza chitamangidwa mtima sukhala pansi, mumangoona ngati maliro sanathe. Ndili chiimire pa udzu paja ndinazindikira kuti chimene Broodhagen anapanga pa raundabauti paja ndi chiliza, chochedwa ndi zaka 169, cha Bussa ndi cha onse agona pa Newton osatchulidwa. Ndinavula nsapato ndinapemphera pang'ono.

Pali mayi mmodzi amene sindikufuna mumuiwale, Nanny Grigg. Ankagwira ntchito mnyumba pa esiteti ya Simmons ndipo ankadziwa kuwerenga, chinthu chosowa kwa kapolo nthawi imeneyo. Ankawerenga manyuzipepala a bwana nkumauza anzake zomwe zikuchitika kunja, makamaka za ku Haiti komwe akapolo anamenya nkhondo nkupambana mu 1804. Iye ndi amene ankawauza kuti ufulu sadzaupeza pongodikira, ayatse moto ngati anzawo aku Haiti. Timamudziwa kudzera mu umboni wa kapolo wina dzina lake Robert pa kafukufuku amene azungu anachita zitatha. Mwa ngwazi 10 zomwe anasankha mu 1998 iye mulibe, ndipo konse ndayenda sindinakumane ndi chiboliboli chake. Amene anayatsa moto mmitu ya anthu ndi iyeyu, zikundipweteka.

Madzulo ku Oistins, Lachisanu lililonse kumakhala kuotcha nsomba panja, anthu ali yakaliyakali, agogo akuvina. Ndadya, ndagona mochedwa.

Tsiku 4, Loweruka

Lero zochepa chifukwa madzulo ndikukwera ndege. Ndinazungulira mtauni pa National Heroes Square. Mukudziwa dzina lake lakale? Trafalgar Square, ngati ya ku London ija kunaima Chilembwe. Panali chiboliboli cha Horatio Nelson chomwe chinaikidwa mu 1813, ndiye kuti pomwe anthu a Bussa ankaphedwa mu 1816 iye anali ataima kale pamenepo, ndipo anakhalapo mpaka November 2020 pomwe anamuchotsa nkukamusunga ku museum. Zaka 207. Chaka chotsatira pa 30 November 2021 Barbados inasiya kukhala pansi pa mfumukazi.

Bambo wina wachikulire amene tinakhala benchi imodzi anandikumbutsa kuti ukapolo utathetsedwa mu 1834 boma la Britain linapereka chipukuta misozi cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, akapolowo osalandira olo kobiri, nkuwauzanso kuti agwirebe ntchito yaulere mpaka 1838 ati akuphunzira ufulu. Ndinawauza za thangata wa kwathu, anagwedeza mutu ati mwana wanga nyimbo yake ndi imodzi.

Tsiku 5, Sande, Georgetown

Guyana ili ku South America koma mtima wake ndi wa ku Caribbean, chizungu chawo, kriketi, zakudya, zonse. Ndikukhala kwa azakhali a mnzanga uja, mayi wa zaka za mma 70 amene anali mphunzitsi, nanenso ndikungowaitana azakhali. Tauniyi ili pansi kuposa nyanja madzi akadzadza, nde pali chikhoma chachitali chotchinga nyanja ndi ngalande paliponse, ndipo ngalande zambiri za mmaesiteti zinakumbidwa ndi akapolo pamanja ndi fosholo.

Titatuluka tchalitchi anandiperekeza ku Square of the Revolution kukaona chiboliboli cha Cuffy, amene anatsogolera kuukira kwa akapolo ku dera la Berbice mu 1763. Apa nde pandivuta kufotokoza. Ndimayembekezera munthu ngati Bussa uja, wooneka ngati munthu. Ayi ndithu. Ndi chinthu chamkuwa chotalika mafiti 15 chitaima pamwamba pa chipilala, mutu waukulu, milomo yotukula ngati munthu amene wakana zomwe ukumuuza, maso otong'oka, thupi lonse lili ndi mizeremizere ndi nkhope zina, pachifuwa nkhope ngati chishango, pantchafu nkhope za nyanga, kumsana nkhope. Mmanja wakanyanga tinyama tiwiri, azakhali ati nkhumba ndi galu, nkhumba ikuimira umbuli galu akuimira dyera.

Ndinangoti laponda, thupi lonse tsembwe. Amene munakulira kumudzi ku Dedza kapena ku Mchinji mukudziwa mmene zimakhalira gule akatulukira ku dambwe, sufunsa kuti chigobachi chikufanana ndi ndani, si nkhope ya munthu mmodzi, chimanyamula mzimu wa amene anapita. Philip Moore amene anapanga Cuffy anachita chimodzimodzi. Sananamizire kuti akudziwa nkhope ya Cuffy. Anapanga thupi loti mizimu yambiri ikhalemo.

Azakhali ati chitatsegulidwa pa 23 May 1976, masiku atatu dziko lisanakwanitse zaka 10 za ufulu, anthu ambiri anakhumudwa, ankafuna ngwazi yooneka bwino ngati ziboliboli za azungu, ena ankati nchonyansa ena ankachiopa. Iwonso ati poyamba sanachikonde, zinawatengera zaka. Moore anali wa ku Berbice komweko, anabadwa mu 1921, sanapite ku sukulu ya zosema, anali munthu wopemphera kwambiri amene ankakhulupirira kuti luso lake ndi lochokera ku mzimu. Anamwalira mu 2012.

Ndikayerekeza awiriwa, Bussa amakupatsa mphamvu pompopompo, ukangomuona wamva uthenga olo uli mu minibasi ikuthamanga. Cuffy amafuna uime, uzungulire kumbuyo, ubwererenso. Ine mtima wanga wapita kwa Cuffy. Wa Broodhagen ndimamulemekeza kwambiri koma ndi thupi la kapolo amene akumasuka, pomwe wa Moore ndi munthu amene anabwera ndi zakwawo mmutu ndipo sanazitaye, dzina lake lenileni Kofi, dzina la Chiakan la ku Ghana la mwana wamwamuna wobadwa Lachisanu.

Tsiku 6, Lolemba

Ulendo wa ku Berbice, makilomita pafupifupi 100 kutsata gombe. Midzi yake ili ndi maina a maesiteti akale achidatchi ndi achingerezi, umangowerenga zikwangwani motsatizana. Tinadutsa pa Victoria, mudzi umene anthu 83 omasulidwa anasonkherana ndalama nkugula esiteti yonse mu 1839, amati makobiri ake anawanyamula pa wilibala. Kenako mlatho woyandama wa pa mtsinje wa Berbice umene anatsegula mu 2008, nkufika ku New Amsterdam.

Ndinapempha dalaivala atiimike pa mtsinje wa Canje. Madzi ake akuda ngati tiyi wopanda mkaka, ali phee. Kumtunda kwa mtsinje umenewu pa esiteti ya Magdalenenburg ndi komwe kuukira kwa akapolo kunayambira pa 23 February 1763, nthawi imeneyo Berbice ili mmanja mwa Adatchi, azungu osakwana 400 akulamulira akapolo pafupifupi 4,000. Cuffy anali wa pa esiteti ya Lilienburg. Mmasabata ochepa analanda pafupifupi dziko lonselo, bwanamkubwa Van Hoogenheim nkuthawira kumunsi kufupi ndi nyanja.

Chimene ambiri sadziwa nchoti Cuffy ankatumiza makalata. Ankadzitchula bwanamkubwa, nkulembera Van Hoogenheim ngati mnzake wofanana naye udindo, kumuuza kuti tigawane dzikoli, inu kumunsi ife kumtunda, koma ukapolo sitibwereranso. Mzunguyo ankayankha mozengereza dala, ati ndikudikira yankho lochokera ku Holland, chonsecho akudikira zombo za asilikali. Mkati mwa oukirawo munabuka kusagwirizana, njala inalowa, mtsogoleri mnzake Atta anatenga utsogoleri, Cuffy anadzipha yekha chaka chomwecho. Nkhondo inapitirira mpaka 1764, ndipo opitirira 100 anaphedwa mwankhanza zosaneneka, ena kuotchedwa amoyo. Izitu zinachitika zaka 28 za ku Haiti zisanayambe.

Pamtsinjepo palibe chikwangwani chomwe ndinaona, ndi madzi ndi mitengo basi. Koma Guyana inasankha 23 February 1970 kukhala tsiku lokhala republic, ndipo chaka chilichonse tsiku limenelo kumakhala chikondwerero cha Mashramani, monga ife timapumira pa 15 January.

Tsiku 7, Lachiwiri

Tsiku lomaliza. Mmawa tinapita ku chipilala cha 1823 chomwe chili mmbali mwa chikhoma cha nyanja, chopangidwa ndi Ivor Thom, chinatsegulidwa mu August 2013. Mwamuna wamkuwa wanyamula chikwanje, chomwecho chodulira nzimbe, ndi unyolo.

Kuukira kwa 1823 ku Demerara kunali kwa anthu opitirira 10,000 ndipo kunayamba pa 18 August. Nkhani yake ikufanana kwambiri ndi ya kwathu chifukwa inadzera mu tchalitchi. Quamina anali kalipentala pa esiteti ya Success komanso dikoni pa Bethel Chapel, mwana wake Jack Gladstone ndi amene anatsogolera kwenikweni. Quamina ankalimbikitsa kuti asakhetse mwazi, angokana ntchito, ndipo mmalo ambiri azungu anangowatsekera osawapha. Koma asilikali atafika pa Bachelor's Adventure anaombera anthu ngati akusaka nyama. Quamina anamuombera mu September ali kuthengo, mtembo wake nkuupachika mmaunyolo kumsewu kutsogolo kwa Success kuti aliyense odutsa aone. Jack anamutumiza ku St Lucia. Mbusa wawo wachizungu John Smith anaweruzidwa kuti aphedwe nkufera mndende mu February 1824, ndipo anali wa London Missionary Society, bungwe lomwelo lomwe pambuyo pake linatumiza David Livingstone ku Africa. Ku Britain anthu analira kwambiri imfa ya Smith mmodziyo kuposa mazana a anthu akuda aja. Mwini wa Success anali John Gladstone, bambo ake a William Gladstone amene anadzakhala nduna yaikulu ya Britain, ndipo zidzukulu zake zinabwera kuno mu August 2023 kudzapepesa.

Azakhali chipilalachi amachikonda koma malo ake ayi. Ati anthu ambiri ankafuna chiikidwe pa Parade Ground pakati pa tauni pomwe oukirawo ananyongedwera ndipo mitu ya ena inazikidwa pamitengo, boma linasankha kunyanja, mkangano unali waukulu ndipo ena sanapite nkotsegulira komwe. Ndikugwirizana nawo. Chiliza sumanga pomwe pali mphepo yabwino, umamanga pomwe munthu wagona.

Nde anati tiye ndikakuonetse. Tinayenda kudzera mu Quamina Street, kale unali Murray Street dzina la bwanamkubwa amene analamula zonsezo, mpaka pa Parade Ground. Ndi bwalo la udzu, anyamata ena amasewera mpira chakumapeto. Tinakhala pansi pa mtengo, azakhali anatulutsa buledi wa chinangwa mchikwama tinagawana.

Ndinakumbuka kuti mu waleti ndimasunga K500 ya kwathu. Ndinaitulutsa nkuwapatsa, ndimvekere azakhali, wathu uja ndi uyu. Anavala magalasi, anaiyandikitsa kumaso, anaiyang'ana nthawi yaitali osayankhula, chala chikuyenda pa nkhopeyo. Kenako anandifunsa kuti manda ake ali kuti. Ndinawauza kuti atamuombera mu February 1915 atsamunda anamukwirira mobisa ku Mulanje, popanda chizindikiro, kuti anthu asamapiteko. Anangoti mmm. Anandiuza nditchule dzinalo pang'onopang'ono, ndinatchula, anabwereza Chi-le-mbwe katatu mpaka linakhala bwino pakamwa, kenako anatsegula Baibulo lawo nkuika ndalamayo mkati.

Ndege yanga ndi ya mawa 6 koloko mmawa, ati adzandidzutsa okha.